Makoswe a mantha amawonda, nanga amayi anga akunenepa bwanji?

NaBanda_A25
Moni nonse. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo, amene munaphunzira za thupi mundithandize chonde. Chimwalirireni bambo athu chaka chatha, katundu yense wagwera amayi: lendi, fizi ya ana awiri, ngongole ya ku banki m'khonde. Usiku ndimawamva akutembenuka mpaka tambala woyamba. Chondidabwitsa n'chakuti akunenepa, koma pamimba ndi kumaso kokha. Miyendo ndi mikono ikucheperachepera. Mwezi watha atakayezetsa anawauza kuti shuga wakwera. Ine amene ndikugona nyumba yomweyo, mavuto omwewo, ndawonda mpaka azimayi a kumpingo akundikokera pambali kundifunsa ngati ndikudwala.

Mlongo wanga wa Fomu 4 akuti anawerenga kuti makoswe a m'labu akamaopsezedwa tsiku ndi tsiku amawonda. Ndiye zoona ndi ziti? Nkhawa imawondetsa kapena imanenepetsa? Nanga za makoswezo zikutikhudza bwanji ife anthu?

Kabaza_Kawale
Pepani ndi zovutazo achemwali. Koma nkhawa imawondetsa basi. Ine atandibera njinga mu Febuluwale, lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano mwezi usanathe. Wonenepa ndi maganizo sindinamuonepo.

MayiWaMandasi
Simunandione ine achimwene. Maganizo akandigwira nsima imandikanika kukhosi, koma dzanja silichoka m'beseni la mandasi, ndipo tiyi ndimathira shuga masupuni atatu. Chaka chimene mwana wanga anagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri ndi chimene masiketi onse anasiya kundikwana.

WakuBunda
Mayi NaBanda, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Ine ndikuphunzira udokotala wa ziweto, choncho za amayi anu ndisiyira achipatala, koma za makoswe ndingafotokoze.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adrenal. Mwa khoswe n'kochepa ngati kambewu ka mapira, koma ntchito yake ndi yaikulu. M'kati mwake mumachokera adrenaline, imene ndi homoni, kutanthauza uthenga wa thupi woyenda m'magazi. Chikopa chake chakunja chimapanga homoni ina, imene mwa ife anthu ndi cortisol koma mwa khoswe ndi corticosterone. Mayina asiyana pang'ono, ntchito ndi yofanana.

Khoswe akangoona mphaka, adrenaline imatuluka nthawi yomweyo. Mtima, umene kale umagunda maulendo oposa 300 pa mphindi, umathamangiratu. Chiwindi chimamasula shuga amene chinasunga, dzina lake glycogen, ndipo mafuta nawo amayamba kusungunukira m'magazi. Corticosterone imabwera pambuyo chifukwa uthenga wake umayenda mozungulira: ubongo umatulutsa homoni yotchedwa CRH, CRH imadzutsa kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, iko kamatumiza homoni ina yotchedwa ACTH m'magazi, ACTH ndiyo imakagogoda pa adrenal. Zimatenga mphindi zingapo. N'chifukwa chake wofufuza akafuna kudziwa mlingo wa khoswe wodekha, amayenera kutenga magazi kumchira mphindi zitatu zisanathe chikhudzireni khola. Akachedwa, ndiye kuti akuyeza mantha amene wabweretsa iye mwini.

Tsono corticosterone imachita chiyani? Imauza chiwindi kuti chipange shuga watsopano kuchokera ku zomanga thupi, ndipo zomanga thupizo imakazigumula ku minofu. Imauzanso minofu kuti isamvere kwambiri insulini, homoni yolowetsa shuga m'minofu, kuti shuga atsale m'magazi, ubongo usasowe chakudya. Yerekezani ndi kukhitchini. Glycogen ndi makala a m'kajumbo ali pafupi ndi mbaula, sachedwa kutha. Mafuta ndi thumba lalikulu lili kuseri kwa chitseko. Minofu ndi mipando ya m'nyumba. Kwa tsiku limodzi la ngozi palibe cholakwika, moto uyake basi, khosweyo apulumuke. Koma ngozi ikakhala ya milungu ndi milungu, thupi limafika powaza mipando kusonkhezera moto.

Kabaza_Kawale
Ndiye mwandivomereza. Kuwaza mipando ndiko kuwondako.

WakuBunda
Theka lake ndakuvomerezani achimwene. Theka linalo lili ndi MayiWaMandasi, ndibwerako ndikatuluka m'kalasi.

Mphunzitsi_Likuni
Podikira mnyamata wa ku Bunda, ndiyankheko funso lakuti makoswe alowamo bwanji, poti nkhani imeneyi ndimaikonda ndikamaphunzitsa Biology. Mu 1936 dokotala wachinyamata dzina lake Hans Selye, wobadwira ku Vienna, ankagwira ntchito pa yunivesite ya McGill ku Montreal. Iye ankasaka homoni yatsopano, ndiye ankabaya makoswe ndi madzi ofinyidwa ku ziwalo zoberekera za ng'ombe. Powang'amba anapeza zinthu zitatu: ma adrenal atatupa, kachiwalo ka pachifuwa kothandiza chitetezo cha thupi, thymus, katafota, ndipo m'mimba muli zilonda. Anasangalala kuti wapeza homoni yake. Koma atabaya ena ndi zinthu zina zosagwirizana n'komwe, ngakhale formalin wosungira mitembo uja, zinatuluka zomwezo. Ena anawaika pozizira kwambiri, ena anawathamangitsa mpaka kulefuka. Zomwezo.

Apa m'pamene anazindikira kuti chimene akuona si mphamvu ya mankhwala aliwonse, koma yankho limodzi la thupi pa chilichonse cholipanikiza. Anati yankholi lili ndi magawo atatu: kudzidzimuka, kulimbalimba, kenako kutheratu mphamvu. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti munthuyu sanataye zotsatira zimene zinamukhumudwitsa. Ambirife tikanangotaya makoswewo kudzala n'kuyambiranso.

NamwinoWaUsiku
Aphunzitsi, nkhani ya Selye njoona, koma pa zilonda za m'mimba tisamale. Odwala ambiri amabwera akunena kuti "ndi maalisa a maganizo", n'kumamwa mkaka kunyumba zaka. Mwa anthu zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia analandira nako mphoto ya Nobel mu 2005, kapenanso ndi kumwa kwambiri mankhwala opha ululu monga aspirin ndi ibuprofen. Kachilomboko kali ndi mankhwala ake, kamachizika.

NaBanda, ine chandiimitsa ndi mmene mwawafotokozera amayi: mimba, nkhope yozungulira, miyendo yowonda, shuga. Ndikufunseni, kodi pali mapilisi alionse amene akumwa tsiku ndi tsiku? Kapena mafuta odzola oyeretsa khungu? Afunseni mofatsa, muone ndi maso anu pepala lake.

Mphunzitsi_Likuni
Mwandikonza bwino anamwino, zikomo. Ndikawauzanso ana a sukulu mawa.

Mdala_wa_ku_Mitundu
Ana inu mukuyankhula zanzeru, koma ine chikundivuta chimodzi. Khoswe alibe ngongole. Khoswe salira maliro chaka chathunthu. Mphaka akapita, iye wabwerera ku thumba la chimanga, waiwala. Mayi akunenedwa apawa mphaka wawo ali m'mutu, sachoka usana ndi usiku. Mungayeze bwanji zimenezo ndi kanyama ka m'khola?

Chinanso, mukamati khoswe mukunena uti? Ife tinakula tikusiyanitsa. Khoswe ndi wa m'nyumba, wa kudenga ndi kuchimbudzi, sadyedwa. Mbewa ndi za kumunda, timakumba tikakolola. Ndipo mwa mbewa zonse palibe yonona ngati kapuku. Ukamukumba nthawi yozizira umamupeza ali duu kuuna, wozizira thupi ngati wafa, koma mafuta okhaokha, pomuwotcha amachita kudontha pamoto. Ameneyo ndiye ananenepa ndi nkhawa yanji?

Chinsapo_2
Agogo mwandikumbutsa kwathu. Anyamata a m'mbali mwa msewu wa M1 popita ku Dedza, mpani wokhala ndi akapuku sutsika mtengo ngakhale unenerere bwanji.

WakuBunda
Ndabwera. Agogo, kapuku wanu ndi nkhani ina yokoma. Iye sanenepa ndi mantha. Amadziunjikira mafuta chakudya chikadali chambiri, ndiye chikayamba kusowa amatsitsa kutentha kwa thupi n'kugona, moto wa m'thupi uli pang'onong'ono, kuti thumba lake lifike patali. Khoswe wa m'labu sachita zimenezo. Iye ukamuika pozizira amawonjezera moto. Pakati pa mapewa ake pali mafuta ofiirira amene noradrenaline, m'bale wake wa adrenaline, ikawafika amayaka kungotulutsa kutentha, ndiye amadya kwambiri koma osanenepa.

Za khoswe uti: wa m'labu ndi woyera, mdzukulu wa khoswe wa bulauni wa m'ngalande za m'mizinda ya kunja. Mtundu wotchuka ndi Wistar, umene unayambira ku Philadelphia mu 1906. Ndipo ndikuvomera kuti si munthu. Alibe thumba la ndulu, satha kusanza, ndipo amayenda usiku, choncho corticosterone yake imakwera madzulo kukamada, pamene cortisol yathu imakwera m'mawa tikamadzuka. Kwa zaka zambiri ofufuza ankagwiritsanso ntchito makoswe aamuna okhaokha, chonsecho aakazi homoni imeneyi imawakwera kwambiri kuposa aamuna.

Koma zakuti mphaka wake amachoka, si nthawi zonse. Ku America anayesa kuika makoswe aamuna angapo ndi aakazi m'khola limodzi lokhala ndi mauna, kwa milungu iwiri. Mmodzi amasanduka mfumu, enawo amakhala mwamantha usana ndi usiku, kudya mobisala. Oponderezedwawo amawonda kwambiri. Akawachotsa kuti apume amadya mosaletseka, koma thupi limene limabwerera ndi mafuta, makamaka a m'mimba, osati minofu imene inapita.

Mdala_wa_ku_Mitundu
Apo ndiye mwayandikira. Kukhala ndi wokupondereza nyumba imodzi, zimenezo ndazionapo mwa anthu.

MayiWaMandasi
Mwana wanga wa ku Bunda, theka langa lija musaiwale.

WakuBunda
Sindinaiwale mayi. Khoswe wopanikizika akamapatsidwa chakudya chake cha masiku onse, timibulu touma tija, amadya pang'ono ndipo amatsalira kukula poyerekeza ndi anzake. Apo Kabaza_Kawale ndi mlongo wa NaBanda akunena zoona. Koma mayi wina wofufuza, Mary Dallman, wa pa University of California ku San Francisco, iye ndi anzake anafunsa kuti, nanga tikamuikira khosweyo mbale zina pambali? Anaika mafuta a nkhumba ndi shuga, khoswe asankhe yekha. Makoswe opanikizika anatsamira ku mafuta ndi shugayo, mafuta a m'mimba anachuluka, ndipo chodabwitsa, mahomoni a mantha aja sanakwerenso ngati mwa anzawo osapatsidwa zonona. Mu 2003 analemba maganizo akuti chakudya chotere chimatonthoza ubongo, ngati kuti thupi likuuza mutu kuti nkhokwe yadzaza, ungapume. Ndiye dzanja lanu likamapita m'beseni si umbombo, pali chimene thupi likufunafuna.

Chinsinsi chili pa insulini. Corticosterone ikakwera pamene insulini ili yotsika, monga mwa nyama yosadya, imagumula zonse, minofu ndi mafuta omwe. Ikakwera pamodzi ndi insulini, monga mwa nyama imene ikudya zotsekemera, imagumulabe minofu koma mafuta imawasamutsira m'mimba, pafupi ndi chiwindi. Homoni ndi imodzi, chasiyana ndi chimene chili m'mbale. Mmene ine ndikuonera, funso lakuti imanenepetsa kapena imawondetsa limatisocheretsa. Iyo imasamutsa katundu m'thupi. Sikelo ikhoza kukwera, kutsika, kapena osasuntha n'komwe, koma minofu ikupita. Mwina ndi mmene anthu awiri a nyumba imodzi angasiyanirane chonchi.

MlimiWaNkhuku_Lumbadzi
Izi ndiye zandimasulira chinthu. Nkhuku za mabuloyila za mu Okutobala ndi Novembala, khola la malata likatentha, zimangoyasamula kukamwa, kudya pang'ono, masabata 6 akwana koma sikelo ikukana. Koma ukazipha umapeza mafuta achikasu m'mimba, chidali chili chopyapyala. Ndinkaimba mlandu chakudya. Kodi nkhuku nazo zili ndi homoni yomweyo?

WakuBunda
Yomweyo bambo, mbalame nazo ndi corticosterone. Kutentha, kuthinana, kusowa madzi, kuzigwiragwira, zonsezi zimaikweza, ndipo zotsatira zake ndi zimene mwaonazo. Chepetsani chiwerengero m'khola miyezi yotentha, mphepo izidutsa, madzi asaphwe, ndipo muzidyetsa m'mamawa ndi madzulo kukazizira.

Mwana_wa_Mulungu_47
Ine ndawerenga zonse koma mtima ukundiwawa. Kubaya kanyama ndi mankhwala a mitembo, kukaika pozizira, kukasiya kuti kazunzidwe ndi kanzake milungu iwiri. Nacho n'cholengedwa, chimamva kuwawa. Munthu wabwino amasamala moyo wa chiweto chake. Palibe njira ina?

Kabaza_Kawale
Mlongo, m'nyumba zathu timawathirira tameki n'kufa akuphupha, palibe amalira. Ndipo tameki yemweyo wapha ana ndi agalu ambiri m'makomomu.

Mwana_wa_Mulungu_47
Zimenezonso sindigwirizana nazo. Kulakwa kwina sikuyeretsa kunzake.

Mphunzitsi_Likuni
Funso lanu ndi loyenera ndipo asayansi eniake analifunsa. Mu 1959 William Russell ndi Rex Burch a ku Britain anaika mfundo zitatu zimene mayiko ambiri amatsata lero: pamene pali njira ina osagwiritsa ntchito nyama, pamene palibe chepetsani chiwerengero, ndipo chepetsani kuwawa. Zambiri zimene Selye anachita, komiti yoona za kafukufuku masiku ano singazilole wamba. Pano corticosterone amatha kuiyeza m'zitosi za khoswe osamubaya. Sindikunena kuti nkhanza zatheratu, ndipo inenso sizindisangalatsa. Koma kung'amba adrenal ya munthu wamoyo kuti tione zimene nkhawa yachita n'kosatheka, ndipo zambiri zimene anamwino akudziwa za mahomoni amenewa zinadzera pa tinyamati.

Chinsapo_2
Ine funso langa ndi laling'ono. Amadziwa bwanji kuti pano khoswe akuwotcha shuga, pano akuwotcha mafuta? Amamung'amba nthawi iliyonse?

WakuBunda
Ayi, amayeza mpweya. Amamuika m'kabokosi kotseka bwino kodutsa mpweya, makina n'kumawerenga oxygen amene walowa m'thupi ndi carbon dioxide amene watuluka. Akagawa wotuluka ndi wolowa, yankho likayandikira 1.0 ndiye kuti akuwotcha shuga, likatsikira ku 0.7 akuwotcha mafuta. Kuchuluka kwa oxygen kumaonetsanso kukula kwa moto wonse. Khoswe amangodya ndi kugona m'menemo ngati kwawo.

NaBanda_A25
Pepani ndinasowa, ndimadikira amayi abwere kumsika. Anamwino, ndawafunsa monga munanenera. Poyamba anati palibe, kenako anatulutsa kapepala m'chikwama cha kutchalitchi. Akuti mawondo anayamba kuwawa nthawi ya maliro ija chifukwa chogona pansi, ndiye mnzawo wina anawauza za timapilisi toyera tating'ono, amagula pa kashopu kena popanda kalata ya dokotala. Palembedwa prednisolone 5 mg. Akumwa tiwiri m'mawa uliwonse, nthawi zina tinayi, kuyambira chaka chatha. Akuti akadumphitsa tsiku thupi lonse limaphwanya. Ine manja akunjenjemera. Ndawalanda, ndikufuna ndikataye m'chimbudzi usiku uno.

NamwinoWaUsiku
Musataye! Chonde NaBanda, abwezereni, mawa m'mawa amwe monga amamwera. Prednisolone ndi m'bale wake wa cortisol yemwe takhala tikukambayu, wopangidwa ku fakitale, ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi kanayi. Munthu akamwa kupitirira milungu itatu, ubongo umaona kuti homoni ilipo kale yambiri, umasiya kutumiza ACTH, ndipo ma adrenal ake amagona n'kufota. Mukawasiyitsa lero, thupi likhala lopanda ya m'botolo, lopandanso yakeyake. Munthu amafooka, kusanza, chizungulire, BP kutsika, shuga kutsika, ena amafa. Kuphwanya thupi akadumphitsa tsiku kuja ndi chenjezo.

Chofunika ndi kupita nawo kuchipatala mawa, mutenge mapilisiwo ndi kabuku kawo ka kuchipatala, mukanene zoona zonse: anayamba liti, amamwa angati. Adokotala ndi amene angawatsitsire pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi kuti ma adrenal adzuke, ndipo akaonanso shuga, BP ndi mawondowo. Akayamba kusanza kapena kutentha thupi usiku uno musadikire kucha. Sindingagamule pa foni kuti zonse ndi mapilisi, chisoni ndi kusagona nazo zili ndi gawo lake, koma nkhope yozungulira ndi miyendo yowonda timaziona kawirikawiri mwa omwa mankhwala amenewa. Komanso musawakalipire. Mankhwalawa amathetsadi ululu, n'chifukwa chake anthu amauzana.

WakuBunda
Mverani anamwino mayi. Mbali imeneyinso makoswe anaionetsa kalekale. Khoswe wochotsedwa ma adrenal onse awiri akakhala osadya, chiwindi chake chimatha glycogen ndipo shuga amagwa, chifukwa palibe wouza chiwindicho kupanga wina. C. N. H. Long ndi anzake pa Yale anazilemba mu 1940. Curt Richter wa ku Johns Hopkins anaonetsa mu 1936 kuti makoswe otere amafa m'masiku ochepa, koma ukawaikira madzi a mchere amawasankha okha n'kukhala ndi moyo. Za mcherezo ndi homoni ina ya adrenal yomweyo, aldosterone. Ndanena izi chifukwa tsiku lonse takhala tikuikamba corticosterone ngati mdani, chonsecho nyama yopanda homoni imeneyi kuzizira pang'ono kapena matenda ochepa amaigwetsa.

MayiWaMandasi
Ambuye! Mapilisi omwewo mchemwali wanga amamwa kuti anenepe, akuti anthu asamamunene kuti akudwala. Ndikumuimbira pompano, koma ndimuuza kuti asasiye yekha.

Mdala_wa_ku_Mitundu
Mwana wanga NaBanda, mawa ukapita ndi amayi ako, nawenso ukaonetse thupi lakolo. Wawonda ndiwe, ndipo sunatiuze ngati ukudya. Abale a bambo ako akudziwa za ngongoleyo? Mutu umodzi susenza denga, itanani ankhoswe ndi amalume mukhale pansi.

NaBanda_A25
Zikomo agogo, amalume ndiwaimbira Loweruka. Kudya ndikudya kamodzi patsiku, chilakolako palibe, ndikanenanso zimenezo. Anamwino, mapilisi ndawabwezera, ndawaika pamodzi ndi kabuku m'chikwama. Tinyamuka 6 koloko kuti tikapeze mzere usanatalike. Kodi m'mawa adye kaye phala, kapena apite osadya poti mwina akayezanso shuga?

NamwinoWaUsiku
Adye, ndipo mapilisi amwere pa phalalo, asamwe m'mimba mopanda kanthu. Mukangowauza oyeza kuti adya nthawi yakuti. Akafuna shuga wa munthu wosadya adzakupatsani tsiku lina.